Kalata kwa mabwana amene mumafuna kutisankhira nyimbo dziko likatentha

Olemekezeka a nduna oona zofalitsa nkhani, a nduna oona za chikhalidwe, mabwana a ku wailesi ya boma, a Censorship Board, ndi inu nonse akuluakulu a zipani, olamula ndi otsutsa omwe,

Landirani moni. Pepani kuti ndakuunjikani mu kalata imodzi ngati matumba a makala pa njinga, koma nkhani yake ndi imodzi komanso mumangosinthana mipando ndinu omwewo, ndiye kulemba makalata asanu ndaona kuti nkuononga bandulo chabe. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinadutsa, malole a masipika aja anazima, ena munalowa mu ofesi ena munatuluka, nde ndati ndilankhule pano mitima ili pansi.

Ine si woyimba, si mtolankhani, sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndine munthu wa pabenchi. Ndinayamba kugulitsa makaseti ku Limbe ndili kamnyamata zaka za m'ma 1990, tikukapikula kwa O.G. Issa mmamawa nkumayenda nawo mu katoni, kenako kunabwera ma CD, pano ndili ndi kakompyuta kakale ndi sipika imodzi yolira mbali imodzi, anthu amabwera ndi memori khadi kapena fulashi kuti ndiwaikire nyimbo. Kubena kumene. Ndikudziwa a COSOMA, oteteza umwini wa nyimbo, mwayamba kale kukwinya nkhope, dekhani tifikako, nanenso ndili ndi mlandu wanga ndipo sindiuthawa.

Zaka zonsezi pabenchi zandipanga kukhala ngati sing'anga, dziko likadwala ndimadziwa nyuzi isanatuluke. Tsiku wamba anthu amafuna zachikondi, zadansi, amapiano a ku Joni, ana asukulu amafuna zawo zija zoti ine theka la mawu sindimva. Koma kungochitika kanthu ku Lilongwe, mafuta kusowa, kwacha kuigwetsa ngati muja munachitira mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, kapena munthu wamkulu kumwalira mosamveka bwino, zofuna za anthu zimasintha tsiku lomwelo. Munthu amafika osapereka ndi moni womwe, "man, ndiikireni za Soja zakale zija." Wina, "muli ndi Matafale yense?" Azimayi amafuna makwaya. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu mabwana, nyimbo zimene anthu amathamangira nthawi ngati imeneyo zambiri mwa izo ndi zomwe inu, kapena amene anakhala pa mpandopo inu musanabwere, munaziletsa, kuzibisa mu kabati, kapena kuvutitsa mwini wake. Za kampeni zija mumalipira ndalama zankhaninkhani, chiyambire sanabwerepo munthu ndi mmodzi yemwe kudzazifuna mtima ukumuwawa.

Ndinakulira nthawi ya Ngwazi. Mayi anga anali a mbumba, kufuna kusafuna, akamva kuti Kamuzu akubwera kudzayendera mbewu ankasiya munda wawo womwe nkukakwera lole atavala nsalu ya nkhope ija, kukavina tsiku lonse padzuwa. Wailesi inali imodzi, MBC, TV kunalibe mpaka 1999. Lamulo la censorship ndi la 1968 ndipo linkaluma zenizeni, mpaka nyimbo ya azungu ija ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa chongofanana dzina ndi Mama Kadzamira. Ana a masiku ano ndikawauza amaseka, amati adala mukupeka. Koma chomwe chinandikhala mmutu ine ndi china. Mayi omwewo akabwerako kovina, mawa lake pamtondo ndi anzawo ankayimba zina, zodandaula za mwamuna wankhanza wolanda nkhuku ndi mazira, wosalola mkazi kulowa mu msika, musi ukugunda mwamphamvu ngati chimangacho chawalakwira. Ndili mwana ndinkaona ngati akunena bambo anga, mpaka ndinkawayang'ana bambowo ndi diso lina. Nditakula mpomwe ndinazindikira kuti bambo anga sanalandepo nkhuku ya munthu, olanda mazira a mphatso ndi kuima pa geti la msika kufunsa khadi anali a Youth. Boma lonse lija, ndi Payoniya wake ndi akazitape ake, silinathe kumva zimene azimayi anayi ankayimba kuseri kwa nkhokwe.

Kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, kenako a Chakufwa Chihana kumangidwa atangotsika ndege mwezi wotsatira, anthu anayamba kufuna nyimbo zolankhula. Zathu zinali zisanafike ndiye tinkabwereka za eni. Lucky Dube ankagulidwa ngati mandasi, chifukwa umatha kumuliza mokweza ndipo wina akafunsa umati aaa uyu akunena za tsankho la ku Joni, pomwe mumtima ukudziwa yemwe ukumunena. Pa 14 Juni 1993 nyali inagonjetsa tambala wakuda pa riferendamu, pa 17 Meyi 1994 tinavota, ndipo mkati mwa nyengo yomweyo kunatulukira mnyamata wa ku Balaka wochokera mu Alleluya Band, Lucius Banda, amene timamutcha Soja, ndi chimbale chake choyamba Son of a Poor Man. Nyimbo ija ya Mabala inatsegula zomwe mabanja anali atasunga zaka 30, achibale ongosowa, ena kukaola ku Mikuyu opanda mlandu. Ndikukumbuka gogo wina wa jekete yong'ambika pachigongono anaima pa katoni yanga nkundiuza ndiiyike mu wailesi aimve kaye asanagule. Itayamba anavula chipewa. Anaima choncho mpaka inatha, misozi ikutsikira mu ndevu, kenako anandipatsa ndalama nkumapita, kaseti anaisiya pomwepo. Ndinamuthamangira, iye nkuti mwanawe kunyumba ndilibe wailesi, ndimangofuna ndimve kuti zoona akuziyimba poyera.

Kenako inu a demokalase munalowa, ena mwa inu mukuwerenga kalatayi munali momwemo. Tinkaganiza kuti zoopa nyimbo zapita ndi chipani chimodzi. Nde kunabwera Evison Matafale wa ku Chileka, mawu ake ngati munthu amene wangodzidzimuka ku maloto oopsa akufuna akuuzeni asanaiwale. Anatulutsa Kuyimba 1 ndi Kuyimba 2, ziwiri zokha basi. Mu Novembala 2001 anamangidwa pa nkhani ya kalata imene ankati ikunyoza boma la a Muluzi, munthu akudwaladwala kale, ndipo pa 27 Novembala anamwalira ali m'manja mwa apolisi ali ndi zaka 32. Tsiku lomwe nkhaniyi inamveka makaseti ake kwa ine anatha 12 koloko isanakwane, ndinathamanga kukapikula ena nkupeza anzanga ogulitsa ali kale pamzere. Minibasi zonse zapakati pa Limbe ndi Blantyre zikuliza munthu mmodzi, ukatsika iyi nkukwera ina nyimbo ikungopitirira ngati ndi wailesi imodzi, makondakitala oti masiku onse amalalata tsiku limenelo ankangotambasula dzanja kulandira ndalama ali duu. Palibe analamula zimenezo, kunalibe WhatsApp yoti anthu auzane. Ndipo taonani mmene zinathera, munthu anatsekedwa pakamwa ali ndi zimbale ziwiri, Black Missionaries yapitiriza ma Kuyimba mpaka kupitirira 10, ndipo chaka ndi chaka ku Chileka kumadzaza pa chikumbutso chake, ana oti anabadwa iye atagona kale akuyimba mawu onse osaphonya. Kalata ija anthu anaiwala kalekale, nyimbo ndiye ayi. Mlandu wa sedition, uja womangira munthu chifukwa chonyoza boma, Nyumba ya Malamulo inadzauchotsa mu 2022, zikomo kwambiri, ngakhale kwa Matafale munachedwa ndi zaka 21.

Nthawi ya a Bingu ndiye inandiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Chaka cha 2009 Mose wa Lero ya Joseph Nkasa inkalira paliponse, ndipo ndisaname inali nyimbo yokoma, chimanga chinalipo, makuponi a feteleza anali atagwira ntchito, anthu ankaivina ndi mtima wonse ndipo a Bingu anawina ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse. Sindikuinyoza, ndinadyerapo. Koma mbali inayi, Soja. Nayenso sanali mngelo, analowa ndale, mu 2004 anakhala phungu wa UDF ku Balaka, makasitomala anga ena anamukwiyira kuti msilikali wa amphawi wapita kukadya ndi mabwana. Atatsogolera nkhani ya ndondomeko zochotsera pulezidenti pa mpando, mu 2006 anapezeka ali kundende pa mlandu wa satifiketi ya sukulu, nkutuluka patatha miyezi yochepa apilo itayenda. Za mlanduwo aliyense ali ndi maganizo ake, ine ndilibe nazo. Chomwe ndikunena nchakuti mu 2010 chimbale chake Fifteen Fifteen wailesi ya boma inachikana, ndipo kwa ife apabenchi imeneyo inali bonasi. Munthu ankabwera osadziwa ndi dzina la nyimbo lomwe, amangoti ndikufuna yoletsedwa ija. Mabwana, kuletsa kwanu ndi malonda aulere, palibe DJ amene amagulitsa nyimbo kuposa memo ya bwana wa wailesi.

Patangotha zaka ziwiri chichokereni pa chisankho chija, pa 20 Julayi 2011, anthu atavala zofiira, mizere ya mafuta ikugona pa filing'i siteshoni, mawailesi oyima paokha akuletsedwa kuulutsa mademo, anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri ku Mzuzu. Sabata imeneyo Mose palibe anamufunsa. Anali mu kompyuta momwemo, foda yomweyo, koma anthu ankamudumpha ngati sakumudziwa. Ankafuna Soja woletsedwa uja, Matafale, ndi nyimbo za pamaliro.

Ndipo poti tili pomwepa ndinene za anyamata anu. Zandichitikira kawiri, maboma awiri osiyana, malaya a mitundu yosiyana, sinditchula zipani chifukwa mungayambe kulozana zala nkuiwala nkhani. Amafika atatu kapena anayi, mmodzi kukhala pa benchi osapemphedwa, "dala, tazimitsani kanyimbo kameneko, kakusokoneza anthu." Mawu ake amodzimodzi ngati anaphunzira kalasi imodzi. Ulendo wachiwiri mmodzi wa iwo, anzake atatsogola, anabwerera nkundipatsa memori khadi mobisa kuti ndimuikire nyimbo yomweyo amandiletsayo. Anati akamvera kunyumba ndi ma hedifoni. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, inde, koma nayenso usiku amagona ndi njala yomweyo.

Za 2019 ndidutsa mwachangu poti nonse munalipo, ena mumsewu ena kuseri kwa mawindo. Tippex, mademo a HRDC miyezi ndi miyezi, utsi wokhetsa misozi mpaka m'makalasi. Chimene ndinaona ine nchakuti nyimbo zazikulu za nthawi imeneyo sizinachokere mu situdiyo iliyonse. Anthu ankatenga chuni cha kumpira, cha kutchalitchi, cha kumaliro, ngakhale cha kuchinamwali, nkuchotsa mawu nkuikamo dzina la munthu amene akumufuna achoke, wina kutsogolera khamu nkumavomera, pofika pa raundabauti nyimbo yapsa. Imeneyo mungailetse bwanji, ilibe mwini, ilibe CD, a Censorship mungaitanitse ndani? Koma tsiku limene sindidzaiwala ndi 3 Febuluwale 2020. Majaji asanu akuwerenga chigamulo kuyambira mmawa mpaka usiku, maola pafupifupi 10, ndipo Limbe yense kunalibe nyimbo. Sipika yanga ndinalumikiza ku wailesi, anthu anaunjikana mpaka kutseka njira ya amayi a tomato, akumvera chizungu cha malamulo choti ambirife timangogwira apo ndi apo. Sindinabene nyimbo ndi imodzi yomwe tsiku lonse. Atangoti chisankho chafafanizidwa ndiye kunaphulika, mahutala, malikhweru, ndipo yoyamba imene khamu la pa benchi langa linayamba lokha popanda sipika inali ya kutchalitchi, yothokoza. Ndipo ena pomwepo anachoka mwakachetechete nkhope zili pansi poti iwo anavotera mbali inayo, nawonso ndi makasitomala anga, mawa lake anabwera kudzafuna nyimbo zachilimbikitso.

Tsopano Juni 2024. Apa ndikhalitsapo pang'ono.

Lolemba pa 10, madzulo, mphekesera zinayamba kuti ndege ya asilikali imene inanyamula a Saulos Chilima kupita ku Mzuzu, ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara, sikuoneka. Juni wa ku Limbe mukumudziwa kuzizira kwake, koma palibe anapita kunyumba. Akabaza anaimika njinga zamoto mozungulira benchi, aliyense maso pa foni, wina akuti yapezeka wina akuti bodza, ine nyimbo ndinazimitsa ndekha chifukwa chilichonse chomwe ndimayesa kuika chimamveka ngati chipongwe. Lachiwiri masana zitalengezedwa kuti yapezeka ku Chikangawa ndipo onse 9 palibe wamoyo, kunali zii kwa kanthawi, kenako mayi wina wogulitsa nthochi pafupi nane, mayi wa Mvano weniweni woti Lachinayi lililonse amatseka bizinesi nkuvala yunifolomu, anabwera ndi kafoni kake ka mabatani nkuti, "achimwene, ndiikireni makwaya a Akatolika. Ine ndine wa CCAP koma mwanayo anali wa kumeneko, ndimulire m'chinenero chake." Sindinamulipiritse. Ola lomwelo kunafika mnyamata wa kabaza, maso ofiira, helemeti ili m'manja ngati akufuna kuiponya, akutukwana aliyense kuyambira boma mpaka nyengo. Iyeyu sanafune kwaya, anati ikani Matafale mokweza. Ndinaika. Anakhala pa benchi pafupifupi maola awiri, poyamba akuyimba mokuwa, kenako motsitsa, kumapeto anangogwira mutu. Atadzuka anati zikomo dala, nkukwera njinga kumapita. Ine si dokotala wa maganizo koma ndikudziwa kuti mnyamata amene anafika pa benchi paja akanatha kuswa galasi la galimoto ya munthu, amene anachokapo anapita kwawo kukagona.

Sabata yonseyo zinali choncho, mmawa makwaya masana reggae, chisoni ndi mkwiyo kukhala benchi imodzi. Pa 16 Juni ku Bingu Stadium tonse tinaona khamu likukuwiza akuluakulu pa mwambo wa maliro, usiku wake pa msewu wopita ku Ntcheu anthu ena anataya miyoyo, pa 17 anaikidwa ku Nsipe. Ndipo masiku 21 olira aja asanathe nkomwe, pa 30 Juni, Soja naye anamwalira ku South Africa atavutika ndi impso nthawi yaitali. Abale inu. Munthu yemwe tinkamuliza kuti atithandize kulira maliro oyamba aja. Apa ndiye mawailesi onse, ya boma yomwe, anatsegula makabati, nyimbo zonse zija zinali zosayenera kuulutsidwa zinayenera mwadzidzidzi, ndipo andale a mbali zonse munapita ku Balaka kukanena kuti anali liwu la anthu osauka. Zoona anali. Koma ena mwa inu munali m'boma nthawi imene liwu lomwelo linali loletsedwa, ndipo sindinamve ndi mmodzi yemwe akuti pepani tinalakwitsa. Zikuoneka ngati kwa inu woyimba wabwino ndi amene wagona, poti sangatulutsenso chimbale china.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti nyimbo iliyonse ndi mankhwala. Ina ndi petulo. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkaliza nyimbo pakati pa mauthenga otuma anthu kukapha anzawo, zimenezo tikuzidziwa. Kuno komwe mu 2018 kunatuluka nyimbo yolimbikitsa kugwiririra, inaletsedwa, ine ndinaifufuta ndekha mu kompyuta a Censorship asanalankhule nkomwe, ndili ndi ana aakazi. Ndipo pa kampeni iliyonse kumatuluka tinyimbo tonyoza mitundu ya anthu, awa ndi akuba awa ndi afiti awa abwerere kwawo, tina timayenda pa WhatsApp tina timalira pa malole anu enieniwo pamaso panu inu mukuvina. Zimenezo ndiye zoopsa, chifukwa mawa lake mlomwe ndi mchewa ndi mtumbuka amakumana pa benchi langa lomweli. Koma chodabwitsa nchakuti imeneyo simuiona. Diso lanu limathwa pa nyimbo yofunsa kuti mafuta ali kuti, shuga wakwera bwanji, ndalama za mankhwala anadya ndani. Yotukwana mtundu wonse wa anthu imadutsa bola ikutukwana a mbali inayo. Wamisala anaona nkhondo, akulu anatero, inu mumathamangitsa wamisalayo nkusiya amene akunola zikwanje.

Nde pempho langa loyamba likupita kwa inu a nduna ndi aphungu. Lamulo la 1968 lija linalembedwa kuti liteteze munthu mmodzi ndi chipani chimodzi, munthuyo anapita mu 1997, lamulo likadalipo. Likonzeni kuti ntchito ikhale youza makolo kuti iyi ndi ya akulu iyi ndi ya ana, ndi kuletsa zotuma anthu kuvulaza anzawo, zikathere pomwepo. Komanso lamulo la 2016 la za pa intaneti lija lisasanduke sedition wobwerera pa khomo la kuseri, taona anthu akugona m'chitokosi chifukwa cha zolemba ndi ma voice note a pa WhatsApp, ndipo oyimba achinyamata akuona zimenezo, ena amabwera pa benchi kudzandimvetsera nyimbo zawo nkumafunsa kuti dala iyi sindimangidwa nayo? Mwana wa zaka 22 wobadwira mu demokalase kumafunsa funso la mu 1985.

Inu a wailesi ya boma, wailesiyo timalipira ndife ndi misonkho, ovotera olamula ndi ovotera otsutsa. Boma likasintha mumangotembenuza mndandanda, amene anali oletsedwa ayamba kulira amene ankalira alowa mu kabati, ife kunja kuno timaseka chifukwa timadziwa ndi tsiku lomwe musinthe. Ngati pali nyimbo yomwe simuulutsa lembani poyera dzina lake ndi chifukwa chake, munthu asaine, osati zongonong'onezana mu kolido kuti bwana sakuifuna. Ndipo dziko likakhala pa chisoni musamangotiikira zida zoliralira zopanda mawu tsiku lonse ngati mukuopa kuti mawu alionse angakulumeni, anthu amafuna kumva wina akunena chimene chili pakhosi pawo. Akapanda kuchipeza kwa inu amabwera kwa ine, ndipo ine ndilibe mkonzi, ndimaika chilichonse chomwe munthu wapempha. Komanso matepi akale aja muli nawo, a mbumba omwe, a nthawi ya riferendamu, a makwaya a m'ma 1970, asungeni bwino ndipo atulutseni ana awamve. Nyimbo za mbumba ine sindizikonda koma mawu a mayi anga ali mmenemo penapake.

Inu azipani, woyimba mukamutenga pa kampeni mulipireni zomwe munagwirizana, pa pepala, osati malonjezo a galimoto ndi maudindo oti akatha mavoti foni simuyankha. Ndipo akakana kukuyimbirani musiyeni, asamalandidwe mashowo kapena kuopsezedwa. Mumawagawa oyimba ngati nsalu za chipani, uyu wathu uyu wa awo, kenako zaka zisanu zikatha munthu uja sangayimbenso kuchigawo china osagendedwa mabotolo, inu muli phee ku Area 10.

Ndafika pa mlandu wanga uja. Inde, ine ndimabena nyimbo za eni, ndipo pa ndalama yomwe munthu amandipatsa kudzaza khadi woyimba salandirapo kanthu kuchokera m'manja mwanga. Zimandivuta mumtima makamaka ndikaona pa Facebook woyimba amene nyimbo zake zandidyetsa zaka 20 akupemphetsa ndalama ya kuchipatala. Tilipo ambiri m'misika yonse kuyambira Nsanje mpaka Chitipa ndipo kutithamangitsa sikunathandizepo, mukalanda kompyuta lero mawa wina watsegula kuseri kwa chigayo. Lamulo la copyright la 2016 lilipo, COSOMA ilipo, tipezereni njira yapafupi yoti tizilipira kangachepe mwezi ndi mwezi pa foni pomwepa, Airtel Money kaya Mpamba, ndipo tizitha kunena nyimbo zimene zayenda kwambiri kuti ndalamayo ipite kwa mwini wake weniweni kapena ana ake amasiye. Ine ndingakhale woyamba pamzere. Koma nanunso mawailesi ndi azipani amene mumaliza nyimbo za anthu pa misonkhano kuyambira mmawa mpaka madzulo, lipirani zanu, musamangoloza ife a pabenchi pomwe ngongole zazikulu zili m'maofesi a ma AC.

Ndilekere pompa, pali mayi akundidikira ndi fulashi akufuna nyimbo za pa chinkhoswe cha mwana wake Loweruka, ndipo magetsi angathe kuzima nthawi iliyonse. Mwezi uno zachikondi ndi zadansi ndi zomwe zikuyenda, Soja ndi Matafale akupuma. Foda yawo ija ndinaipatsa dzina loti DZIKO LATENTHA, ili pakona pa sikirini, ndipo sabata yatha mwana wanga amafuna aifufute kuti apeze malo oika mafilimu, ndinamukaniza.

Ndine wanu,
Wobena nyimbo wa ku Limbe, benchi la pafupi ndi amayi a nthochi